Maluwa odzigulira madzi: zolemba za ntchito yathu pa Ngabu

Novembala 2023

Malo atipatsa. Ndi kadanga kamene kali pakati pa msewu wa M1 ndi kuseri kwa magolosale, pomwe anthu amadikirira galimoto zokwera ku Nchalo ndi ku Blantyre kapena zotsika ku Bangula ndi ku Nsanje. Pakadali pano ndi padzala: majumbo, mabotolo osweka ndi mbuzi. A gulupu ndi a komiti ya msika avomera kuti tikonzepo, pakhale mthunzi ndi maluwa. M'gulu lathu ambiri ndi amayi a banki m'khonde, kuphatikizapo anyamata angapo a kabaza. Ine andisiyira nazale ndi kaundula.

Mfundo imene tamanga pa msonkhano woyamba ndiilembe pano chifukwa zonse zitsamira pa iyo. Kuno mitengo yabzalidwapo kambirimbiri. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala mbande zimafika, anthu amabzala ndi mtima wonse, koma pofika Okutobala pamatsala timaenje tokhatokha. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Mvula ya kuno imagwa miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri siipitirira mamilimita 800 pa chaka. Miyezi yotsalayo chomera chaching'ono chimadalira munthu, ndipo palibe mayi amene angasenze chigubu cha malita 20 kuchokera ku mjigo, dzuwa likuswa mtengo pa madigiri 40, kukathirira chinthu chimene sichimubwezera kanthu. Tsono chomera chilichonse cholowa pano chikhale chokongola, inde, koma chikhalenso chodyedwa, chogulitsika kapena chothandiza pakhomo, kuti ndalama yolipira wothirira ichokere mwa icho chomwe. Kapinga tamukana pa chifukwa chimenechi. Amamwa madzi kuposa china chilichonse ndipo palibe chimene mungakololepo.

Pa 9 Novembala kwacha yagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa machubu obzalamo mbande wakwera nthawi yomweyo. Nazale yonse tsopano ili m'mabotolo a pulasitiki odula pakati, m'mapaketi a shuga ndi m'matumba a simenti. Ana akutolera, padzala paja payambanso kuyera.

Dothi la pano ndi makande enieni. Mwezi uno lang'ambika mizere yoti dzanja lonse limalowa, ndipo khasu likamenya limangodumpha. Mvula ikadzagwa lidzasanduka phala lomata ku khasu ndi ku mapazi, madzi n'kumangoima pamwamba. Ming'alu imadula mizu ya mbande, madzi oima amaiwoletsa. Maenje tikukumba a masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya kwake, n'kusakaniza dothilo ndi mchenga wa kumtsinje ndi ndowe zowolerana. Ndowe zokha sizisowa, pa Ngabu makola a ng'ombe ali ponseponse.

Disembala 2023 ndi Januwale 2024

Mvula yayamba mozengereza koma tabzala. Nimu sitinagule. Pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu pamamera mbande zambirimbiri, ndipo tazula zing'onozing'ono pamodzi ndi dothi lake. Njere za nimu sizisungika, pakangopita masabata ochepa mphamvu yomera imatha, choncho mbande zomera zokha n'zodalirika kuposa njere zosunga. Mtengowu unachokera ku India koma chigwa chino chinauyanja. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, chiswe sichiukonda, ndipo pachilimwe mitengo ina itayoyola masamba iwo umakhalabe wobiriwira. Taundandalika chakumadzulo kuti udzatchinge dzuwa la kumasana pomwe padzakhale mabenchi.

Cham'mwamba, chimene kuno ambiri amati sangowa, tabzala nthambi zotalika mita imodzi zimene tapempha m'mipanda ya anthu. Agogo ena a m'gulu anandipeza ndikukonza dzenje loyamba n'kunena kuti, "Mwana wanga, pa makande musachizamitse, chiwola. Chikwezeni pa nthumbira." Tatero, ndipo alovera nayenso tamuika pa nthumbira zamchenga. Tagwirizana kuti cham'mwamba tizichidula chikangofika m'chifuwa mwa munthu, kuti chiphuke nthambi zambiri ndipo masamba azifikirika popanda kukwera.

Mkangano waukulu unali wa mpanda. Anyamata a kabaza anafuna nkhadze, ndipo mfundo zawo zinali zomveka: umangothyola n'kuzika, siifuna madzi, mbuzi siziidya. Koma malo ano padzasewera ana. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso umawotcha koopsa ndipo munthu atha kukhala masiku osaona. Palinso china. Kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 1993 anapeza nkhadze kawirikawiri pa makomo a ana odwala khansa ya Burkitt, yotupitsa nsagwada kapena mimba, kusiyana ndi pa makomo ena, ndipo m'malabotale zinaoneka kuti utomoni wake umadzutsa kachilombo ka Epstein-Barr kamene kamayendera limodzi ndi khansayo. Amayi atamva izi nkhani inathera pomwepo. Tabzala khonje kunja kwenikweni ndi bougainvillea mkati mwake. Khonje lidzatipatsa zingwe zomangira mbuzi, zimene pamsika pano zimayenda malonda. Bougainvillea ili ndi minga, imamera ndi nthambi, ndipo ikamva ludzu m'pamene imachita maluwa ochuluka. Podikira kuti zikule tatchinga ndi nthambi zouma zaminga.

Bambo wina anatibweretsera mbande za mtengo wa Prosopis, ati sumafa ndi dzuwa. N'zoona sumafa, ndipo vuto lake n'lomwelo. Kudera la nyanja ya Chilwa unalanda minda ndi madambo odyetsa ziweto, chifukwa mbuzi zimadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse. Tinawathokoza koma sitinabzale. Chitsamba cha lantana, chimenenso chimalanda malo chimodzimodzi, sichilowa pano.

Febuluwale ndi Malichi 2024

Ng'amba. Febuluwale watha kumwamba kuli mbee, ndipo a zanyengo akuti ndi El Niño. Chimanga m'minda chapsa chisanamasule, ngakhale mapira ndi mchewere zikuvutika. Kwa ife chilimwe chabwera msanga mbande zikadali zanthete.

Chatipulumutsa ndi mitsuko. Tagula kwa amayi oumba mitsuko yosapaka chilichonse, ina yokhala ndi kamng'alu imene sakanaigulitsa kwa wina. Mtsuko timaukwirira mpaka m'khosi pafupi ndi mbande, n'kuudzaza madzi, n'kuvindikira ndi phale. Madzi amatuluka pang'onopang'ono m'khoma la mtsukowo malinga ndi kuuma kwa dothi lozungulira. Titafukula mbali imodzi patapita masabata, tinapeza timizu toyera ta nimu titakuta mtsuko wonse, pamwamba pouma gwa koma pansi pachinyontho. Madzi amene tikanawathira pamwamba n'kuuma pofika masana akukhala masiku angapo. Pomwe mitsuko yaperewera taika mabotolo oboola pachivindikiro, ozika chadodolido. Kuphimbira ndi udzu kukuthandiza koma kukuitana chiswe, choncho udzu sitiugunditsa ku tsinde ndipo timawaza phulusa.

Osadandaula ndi alovera, khonje ndi kaduwa kofiirira kotchedwa periwinkle. Alovera ali ndi njira yake: timabowo topumira ta pa masamba ake timatsekeka usana n'kutseguka usiku kukazizira, motero madzi amene wasunga sawataya ndi dzuwa. Amene amamupha kawirikawiri ndi omuthirira mopitirira. Udzu wa lemongrass wapsa nsonga ndipo tausamutsira pamthunzi pafupi ndi potayira madzi.

Pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera walengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 muli ngozi ya njala, ndipo Chikwawa ili momwemo. Anthu a m'gulu achepa pa ntchito. Ena ali ku ganyu, ena atsikira kudambo kukafuna nyika. Sindingawadandaule. Chimene chikubweretsa amayi pano m'mawa uliwonse ndi masamba a cham'mwamba, amene tayamba kubudula. Wothirira tsiku limenelo ndiye amatenga ndiwo. Ndondomeko imeneyi sitinaikonze pa msonkhano, amayi aipanga okha, ndipo ikugwira ntchito kuposa kaundula wanga wa zigawo.

Meyi 2024

Ndalama yoyamba yalowa. Chidede chimene tinafesa m'mbali mwa tinjira chachita bwino kuposa mmene timayembekezera m'chaka chotere. Chili m'munda n'chokongola, mapesi ofiira ndi maluwa otuwira okhala ndi diso lakuda pakati, ndipo anthu odikira galimoto ankafunsa kuti ndi duwa lanji, kuiwala kuti ndi ndiwo zimene amadya kwawo. Masamba tadya, zikhokho zofiira taumitsa, ndipo amayi awiri akuphika chakumwa chozizira n'kumagulitsa pa siteji. Njere tasunga.

Ufa wa cham'mwamba ndiwo wafuna kuphunzira. Masamba timabudula m'mawa, kutsuka, kupulula ku timitengo take, n'kuyanika m'nyumba yopita mphepo pa nsalu yoyera. Padzuwa sitiyanika, chifukwa amayezuka ndipo mavitamini ena amawonongeka. Tsamba likamathetheka pakati pa zala ndiye kuti lauma. Kenako mu mtondo, kenako pa sefa. Ufa wabwino umakhala wobiriwira kwambiri ndipo umanunkhira ngati udzu wongomweta kumene. Ukachita bulawuni ndiye kuti unauma mochedwa kapena unalowa chinyontho, ndipo umenewo sitigulitsa. Mizu ndi makungwa sitikhudza, makamaka poganizira amayi oyembekezera.

Ogula ambiri ndi apaulendo. Mbande za bougainvillea ndi ana a alovera akugulidwa ndi anthu a galimoto zawo obwerera ku Blantyre, ndiponso a mipingo ndi a malo ogona alendo. Tagwirizana kuti ndalama iliyonse yolowa, gawo lalikulu lizisungidwa m'bokosi la banki m'khonde kudikira Seputembala ndi Okutobala, kuti othirira adzalandire ndalama pamanja nthawi imene cham'mwamba chidzakhale chitayoyola ndipo ndiwo zolipirira kulibe. Ena anafuna tigawane pompano, ndipo ndi njala ya chaka chino ndinawamvetsa. Tagawana pang'ono, zambiri zatsala.

Kuti ufa wathu ulowe m'masitolo akuluakulu pafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo chimenechi chifuna chipinda choyanikira chosamalika kuposa chimene tili nacho. Pakadali pano tikugulitsa pamalo pomwepa.

Julayi 2024

Mwezi uno ntchito ya manja inali yochepa, koma takambirana nkhani yovuta kuposa zonse chiyambire.

M'mawa wina ndinapeza mayi wachikulire akubudula masamba a periwinkle n'kumaika m'chitenje. Nditawapatsa moni ndinafunsa, "Amayi, masambawo ndi a chiyani?" Anati, "Mdzukulu wanga watupa tsaya, bambo, mwezi wathawu. Mano ayamba kugwedera. Anditumizira uthenga pa WhatsApp kuti duwa ili limachiza khansa." Ndinawapempha akhale pansi, ndipo mnyamata wa kabaza anathamangira mlangizi wa zaumoyo wa dera lino. Mlangiziyo anawauza mosapita m'mbali: "Agogo, mwanayo tipite naye kuchipatala lero lomwe, masambawa asiyeni." Anapita, ndipo tamva kuti mwanayo anamutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli wodi ya ana odwala khansa.

Chovuta pa nkhani ya periwinkle n'chakuti uthenga wa pa foniwo uli ndi kachoonadi mkati. Duwali kwawo ndi ku Madagascar. Ku Jamaica anthu ankamwa tiyi wa masamba ake pofuna kuchepetsa shuga, ndipo mu 1952 masamba ena anatumizidwa kwa Robert Noble ku University of Western Ontario ku Canada kuti awayese. Pa shuga sanapezepo chogwirika, koma anaona kuti makoswe obayidwa madzi a masambawo maselo awo oyera a m'magazi akutha. Mu 1958 iye ndi Charles Beer anapatula mankhwala otchedwa vinblastine, ndipo posakhalitsa kampani ya Eli Lilly inatulutsa vincristine, imene inavomerezedwa mu 1963. Vincristine ndi amodzi mwa mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito pa khansa ya Burkitt, yotupitsa nsagwada kapena mimba ya ana, imene imapezeka kwambiri m'madera a malungo monga kuno kuchigwa ndi kunyanja. Khansa imeneyi imakula msanga zedi, koma imamvanso mankhwala mwana akafika msanga. Choncho n'kutheka kuti mdzukulu uja akulandiradi mankhwala ochokera ku duwa lomwe agogo ake ankabudula. Kusiyana kwake n'kwakuti pamafunika masamba ouma makilogalamu mazanamazana kuti papezeke gilamu imodzi yokha, mankhwalawo amalowa kudzera mu mtsempha, ndipo muyeso wake amawerengera malinga ndi thupi la mwana. Mu poto wa masamba owiritsa mulibe muyeso wochiza, muli zina zambiri zowononga thupi, ndipo sabata iliyonse imene mwana akumwa tiyi kunyumba chotupa chikukula.

Pa msonkhano wotsatira mmodzi wa ife anati, popeza anthu akulifuna, bwanji tiziumitsa masambawo n'kumagulitsa m'timapaketi. Sananene mwankhanza. Anati m'misika ya m'tauni paketi yolembedwa kuti imachiza shuga, BP ndi khansa imagulidwa mtengo wokwera kuposa ufa wathu wongolembedwa dzina, ndipo bokosi lathu likufunika ndalama. Zonsezi n'zoona, ndipo ine ndi amene ndakhala ndikulimbikira kuti chomera chizilipira madzi ake. Koma ndalama yotere ingachokere m'thumba la agogo onga aja, ndipo angailipire ndi masabata a mwana wawo. Ndinakana ndi mtima wanga wonse. Anandithandiza ndi bambo wina wachikulire amene ndi sing'anga wodziwika kumudzi kwawo. Anati, "Achimwene, ine mitengo ndaigwira kuyambira ndili mnyamata. Chotupa cha mwana sindichigwira, ndimatumiza."

Tamanga izi. Periwinkle tizigulitsa ngati duwa basi, ndipo pabedi lake taika chikwangwani choletsa kumwa. Pa paketi iliyonse yathu sipadzalembedwa dzina la matenda. Ufa wa cham'mwamba ndi chakudya chopatsa thanzi, chothira m'phala ndi m'ndiwo, ndipo tizinena zomwezo. Chidede kafukufuku anaonetsa kuti chimatsitsako BP pang'ono, koma wogula akafunsa timamuuza kuti mapiritsi a kuchipatala asasiye. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, lakhala likuchenjeza za malonda a zitsamba olonjeza kuchiza chilichonse, koma ife tasankha izi tisanaganize n'komwe za lamulo. Malonda a ufa atsikako. Ogula ena amatembenuza paketi, kufunafuna mndandanda wa matenda, n'kuibweza.

Seputembala 2024

Chikoka cha malo ano miyezi iwiri yapitayi ndi Adenium, chomera cha tsinde lonenepa chimene ogulitsa maluwa m'tauni amachitcha desert rose. Chimachita maluwa oyera a m'mphepete mofiira nthawi yachisanu chilibe tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo galimoto zimaima chifukwa cha icho. Ziwiri zikuluzikulu zimene tili nazo anatipatsa a m'gulu kuchokera pakhomo pawo. Mbande imodzi ya Adenium ikugulidwa mtengo woposa wa mbande zingapo za bougainvillea, chonsecho madzi imamwa ochepa kuposa zonse.

Anyamata ena atamva mtengowo anabwera ndi zitsa zokumba kutchire, ati kumbali ya Lengwe ndi Mwabvi zilipo zambiri. Sitinagule. Chitsa chotero chatenga zaka zambiri kuti chifike pamenepo, ndipo m'malo otetezedwa kukumba n'kuphwanya lamulo. Tawaonetsa njira ya njere. Zipatso zake zimabwera ziwiriziwiri, zazitali zosongoka, ndipo zikakhwima zimang'ambika, njere zokhala ndi ubweya mbali zonse ziwiri n'kuuluka ndi mphepo. Timazimanga ndi ulusi zisanang'ambike. Njere zatsopano zikafesedwa pa mchenga zimamera m'masiku ochepa, ndipo chomera chochokera ku njere ndicho chimachita tsinde lonenepa limene ogula amafuna. Awiri mwa anyamatawo tsopano ali ndi nazale yawo.

Utomoni wa Adenium ndi poizoni wogwira mtima, ndipo kale alenje ankapaka ku mivi. Mbale wake ndi kombe, chomera choyanga cha m'chigwa chomwe chino. Pa ulendo wa David Livingstone umene unayamba mu 1858, John Kirk anatola kombe m'dera la Shire, ndipo tsiku lina atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana naye m'thumba anamva mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Ku Edinburgh Thomas Fraser anapatulamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo kwa zaka zambiri Nyasaland inkagulitsa njere za kombe kunja. Ndinafotokoza mbiri imeneyi kwa gulu pokambirana za chitsamba cha maluwa chotchedwa oleander ndi china chija cha maluwa achikasu, Thevetia, chimene chili m'mipanda yambiri pa Ngabu. Zonsezi ndi banja limodzi ndipo poizoni wake ndi wa mtundu umodzi. Njere imodzi kapena ziwiri za Thevetia zitha kupha mwana. Oleander amene tinamupeza pamalopo tamuzula mbali ya mabenchi, ndipo tauza ootcha kanyenya kuti timitengo take asabayirepo nyama kapena kusonkhera moto. Adenium tamuika pa thandala lalitali pomwe ana safikira, ndipo womudula amavala majumbo m'manja.

Chitopa chayamba m'midzi, ndipo masamba a alovera akugulidwa kwambiri oti akaviike m'madzi a nkhuku. Tikugulitsa, koma aliyense timamuuza kuti chitopa chimapewedwa ndi katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo timamulozera kwa alangizi a ziweto. Kwa anthu, phala loyera la mkati mwa tsamba limaziziritsa pakhungu popsa pang'ono. Madzi achikasu owawa otuluka pansi pa khungu la tsamba ndi ena: amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndi oopsa kwa mayi woyembekezera, ndipo ku America anawachotsa pa mankhwala ogulitsidwa popanda dokotala mu 2002. Timaonetsa ogula kuimika tsamba lodula kuti achikasuwo ayambe atsika asanalisende.

Okutobala 2024

Kutentha kwafika pachimake. Kuthirira kukuchitika mbandakucha ndi madzulo dzuwa litalowa, masana palibe angaime pamtetete.

Vuto latsopano ndi mchere. Mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, ndipo pachilimwe umachuluka. Pamabedi pomwe timathira pamwamba payera mbuu, ndipo masamba a lemongrass ndi mbande zina zapsa m'mphepete. Kuthira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumakokera mchere pamwamba pomwe pali mizu, choncho tasintha: timathira ambiri kamodzi kuti mchere utsike, n'kudumphitsa masiku. Mitsuko ina yatsekeka ndi mchere ndipo taifukula n'kuikwecha. Amayi a malo odyera akutisungira madzi otsukuluzira mbale ndi mpunga, opanda mafuta, ndipo amenewa akupita ku mitengo yokha, osati ku zodyedwa masamba. Nimu ndi bougainvillea sizikuonetsa kuvutika. Mwa cham'mwamba, zimene zinali kumunsi pomwe mchere umasonkhana zauma, za pa nthumbira zazitali zili moyo.

Njere za cham'mwamba zakhwima, ndipo tachita chionetsero kwa anthu ochokera m'midzi ya m'mphepete mwa Shire amene amatunga madzi amatope. Njere imodzi kapena ziwiri zosenda pa lita imodzi, kusinja, kukhutchumula m'kabotolo ka madzi oyera, kuthira mu ndowa, kutakasa, n'kudikira ola limodzi. Matope amagwirana n'kukhala pansi anthu akuona. Njira imeneyi inayesedwapo pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990, ndi ofufuza a University of Leicester pamodzi ndi a Polytechnic. Mlangizi wa zaumoyo anatsindika kuti madzi oyera m'maso si madzi opanda tizilombo, klorini kapena kuwiritsa n'kofunikabe. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo kuno aliyense akukumbukira.

Bokosi lakwanitsa. Othirira alandira ndalama yawo sabata iliyonse kuyambira Seputembala, ndipo palibe m'mawa umene mitsuko inakhala youma. Latsala pang'ono kutheratu, koma mitengo ya nimu yonse ya mzere wa kumadzulo ili moyo ndipo ina yapitirira msinkhu wa munthu.

Disembala 2024

Mvula yoyamba yatsuka mchere ndipo cham'mwamba chaphukira. Mabenchi awiri akhomedwa, ngakhale mthunzi weniweni ndi wa zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi. Pomwe zinauma tikubwezeretsa, koma kumunsi kuja tikuikako bwemba ndi masawu m'malo mwa cham'mwamba. Zimakula mochedwa, koma zipatso zake msika wake ulipo kale.

Alimi a masamba afunsa za mankhwala a mbozi ochokera ku nimu, ndipo tidzawaonetsa njere zikadzagwa: magalamu 50 a mkati mwa njere osinja pa lita imodzi ya madzi, kuviika usiku wonse, kusefa, n'kupopera madzulo chifukwa dzuwa limawononga mphamvu yake.

Nkhani yaikulu chaka chino ndi madzi a padenga. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ndi ya minda, sitingaiwerengere. Koma kuseri kwathu kuli madenga a malata a magolosale. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 50 pa mvula ya mamilimita 700 lingatipatse malita 35,000 opanda mchere. Eni magolosale awiri avomera kuti tiike magatala. Thanki ndiyo tilibe, ndipo amisiri awiri tawapempha atiwerengere mtengo wa yanjerwa yokumba pansi.

Popeza malowa ayamba kuoneka bwino, pabwera kale ofuna kumangapo mabenchi a malonda. Chilolezo chathu n'chapakamwa. A gulupu avomera kuti tikumane ndi a komiti ya msika Chaka Chatsopano chikangodutsa kuti malire ndi mgwirizano zilembedwe pa pepala, ndipo kalata yopita ku khonsolo tayamba kuilemba.